Kakhadi ka Ba Gerald ndi Manda a Amayi

Lolemba, 12 Ogasiti

Holide yayamba koma mpumulo palibe. Chiliza cha amayi tivundukula Lamulungu pa 25, ndipo lero m'pamene ndamva kuti manda awo sakudziwika.

Ba Gerald, mlongo wanga wamkulu, anatuma omanga kuti akaone malo. Abwerako chimanjamanja. Akuti tizikwangwani tonse tachitsulo ta chigawo chimene agona amayi anazula anthu ogulitsa zitsulo zakale. Nambala ya manda ilipo papepala la maliro, inde, koma pansi palibe nambala ina yoti n'kuyambirapo kuwerenga. Mitumbira yokhayokha, mazanamazana, yofanana. Munthu kuzula dzina la wakufa kuti akaliyeze pasikelo.

G. pafoni osatekeseka n'komwe. "Iwe Imelda osadandaula. Ine ninaseva malo mu GPS tsiku la malilo. Pamanda penipeni." Akuti nthawi ija anali ndi kamakina kosonyeza njira, kopachika pagalasi la galimoto, kotheka kuchotsa n'kuyika m'thumba. Kamakinako kanafa ndi dzuwa, koma kakhadi ka m'kati anasunga. Chofunika tsopano n'kuyika kompyuta ya mapu m'galimoto, iwerenge kakhadiko, ititengere kwa amayi. Galimoto yake ndi ya kampani, saloledwa kuyikhudza. Ndiye atsegula ya ndani? Yanga.

Sindinatsutse. Ndikanatsutsa ndi nkhope iti? Tsiku lija ndinakomoka bokosi lisanatsike, ndinatsitsimukira m'basi ya azimayi. Ndipo chaka chonsechi kumanda sindinapondeko. Basi, ndalemba. Zaka 16 ndikuphunzitsa ana a eni jogalafe, osadziwa pamene pagona mayi wanga.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Ku Kabwata tsiku lonse.

Kagalimoto kanga kanabwera kuchokera ku Japan ndi sikirini yake. Chigulireni, mapu ake amasonyeza kuti ndili pakati pa nyanja, ndipo m'mawa uliwonse ndikaliza injini mzimayi wina wa m'sikirinimo amandipatsa moni m'Chijapani. Ndinamuzolowera. Ndimamutcha mlamu. Lero mlamu wachotsedwa ntchito.

Amene akuyika kompyuta ndi ba Mabvuto, bambo waimvi, wamagetsi a galimoto, magalasi awo omanga ndi kawaya. Shopu yawo ndi kontena kuseri kwa msika, pafupi ndi ngalande yomwe fungo lake lalowa mpaka m'tsitsi langa. G. anafika ndi bokosi lochokera m'tauni, nsapato zikunyezimira, foni kukhutu. Analiyika pabonati, anati "mudala, nifuna vonse vikasile by Thursday," n'kupita. Kundipatsa moni ayi.

Ba Mabvuto atatsegula bokosi anayang'ana sikirini, anayang'ana dashibodi, anayang'ananso sikirini. "Madamu, iyi ni ikulu. Ba bwana sanapime." Ndinafunsa kuti ndiye titani. Anati tidula. Ndinaganiza kuti akunena sikirini. Ankanena dashibodi yanga. Anatenga mpeni wa sowo, n'kumacheka pulasitiki pang'onopang'ono, ine nditakhala pa tayala ndikuonerera ngati mbuzi ya mwini ikusendedwa.

Ndabwerera kwathu ku Chelstone pa minibasi ziwiri. Kondakitala anandiponda chala.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Zimene zatuluka kuseri kwa dashibodi: makoko a mtedza, tsitsi, mazira a mphemvu, ndi kanyama kouma komwe ba Mabvuto akuti kanali buluzi. Zaka zinayi ndakhala ndikupuma zimenezo. Chakudya chamasana chandikanika.

Mapulagi sakugwirizana. A ku Japan ena, a kompyuta yatsopano ena. Ndiye adula mawaya onse n'kumalumikiza mmodzimmodzi, kuyesa ndi kababu, kukulunga tepi. Pofika 15 koloko sikirini inayaka, koma ukayatsa magetsi akutsogolo imazima. Ati asokoneza waya umodzi, mawa.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Waya wapezeka. Kenako eriyo, kabokosi kakuda kakang'ono ngati ka machesi, komwe kamamva masetilaiti. Ba Mabvuto akamata pakona ya dashibodi, pansi pa galasi, waya wake n'kuwubisa m'mphepete. Titayatsa, kadontho kabuluu kakusonyeza kuti tili ku China, mumzinda umene anapangira makinawo. Ndachoka m'nyanja ya Japan, ndafika ku China. Kabwata ayi.

Ndinayamba kulalata. Iwo phee. Anati galimoto ili pansi pa malata, makina sakuona kumwamba, afunika aone masetilaiti anayi kapena kuposa kuti adziwe pamene ali. Zomwezo ndimaphunzitsa Giredi 11 chaka chilichonse, ndi choko, ndi chithunzi pabolodi. Ndinatseka pakamwa. Tinakankhira galimoto pabwalo, tinadikira mphindi khumi padzuwa, kadontho kanalumpha n'kutera pa Kabwata, pambali pa ngalande yomweyi. Ndisaname, ndinasangalala pang'ono.

Mapu a Zambia anayenera kuwakopera pa intaneti. Magetsi kulibe kuyambira m'mawa, ndiye tinagwiritsa ntchito foni yanga, ndipo inaduka kawiri. Mapu atalowa tinapita kukayesa mpaka ku Woodlands. Mzimayi watsopano ndi wachingerezi, wodzikuza, mayina a misewu yathu amawatafuna. Pobwerera anatiuza kukhota kumanzere pamene pali mpanda wa njerwa ndi mayi wogulitsa makala. Ba Mabvuto ati mapu amachedwa, anthu ndiwo amafulumira kumanga. Koma ati kadontho ka pamene waima sikaphonya kupitirira mamita asanu kapena khumi.

Mamita khumi kumanda ndi anthu asanu ndi mmodzi. Ndawerenga ndili m'bafa.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Kakhadi kakukana. Pulogalamu ya mapu yatsopano sikudziwa chilankhulo cha kamakina kakale. Ba Mabvuto apita m'tauni kwa mnzawo amene amasunga mapulogalamu akale.

Uku Chantelle, mkazi wa G., watumiza mauthenga 23 pagulu la banja la pafoni. Mtundu wa zovala ukhale wapepo wotuwira. Matisheti okhala ndi nkhope ya amayi. Tenti yoyera, mipando yovekedwa nsalu, wojambula vidiyo, chakudya kwawo ku Kabulonga tikabwerako. Wafunsa ngati keke ikhale ya masitepe awiri. Keke. Amayi anagulitsa tomato pamsika wa Chelstone zaka makumi atatu, keke ankati imawapweteka mano. Palibe ndi mmodzi yemwe pagulupo amene wafunsa ngati manda apezeka. Ndayankha ndi kachithunzi ka chala chokweza. Inenso ndine wonyansa.

Sabata, 17 Ogasiti

Kutchalitchi. Ndinakhala kumbuyo kuti ndituluke msanga, koma ba Salifyanji anandigwira pakhomo. Mnzawo wa amayi wa pamsika ndi ku Dorika, gulu la azimayi a mpingo lija la mayunifomu abuluu. Akalamba, akuyenda motsimphina, koma dzanja likadali lolimba. Moni wawo wa Chibemba: "Shani mwana wandi, simuoneka." Ati a Dorika onse abwera pa 25 kudzayimba. Ndinati zonse zili bwino. Kunama pakhomo la tchalitchi, tsiku la Sabata.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Chaka chathunthu lero chiyikireni amayi. Ndachapa makatani.

Lolemba, 19 Ogasiti

Kakhadi kawerengeka.

Ba Mabvuto analowetsa pulogalamu yakale pambali pa yatsopano, anayikamo kakhadi, pasikirini n'kutuluka mndandanda wa malo onse amene G. anasungapo. Kunyumba. Ofesi. Kometa tsitsi. Kochapitsa galimoto. Malo ena a nyama yootcha ku Makeni. Pansi penipeni: AMAI, 18 Ogasiti chaka chatha, 11:40. Ba Mabvuto anavula kapusi. Ine ndinakhala pampando wa dalaivala chitseko chili chotsegula.

G. anabwera msangamsanga nditamuyimbira. "Waona? Waona manje? Iwe na mapu yako ya pa pepala." Anasisita sikirini ngati mwana wake wakhoza mayeso. Sanafunse n'komwe za dashibodi yanga, yomwe m'mbali mwake muli mpata wolowa chala, wotsekedwa ndi tepi yakuda.

Mawa 8 koloko tipita ndi omanga. Ndagula maluwa, kaya ndichita nawo manyazi bwanji pofika.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Sindikudziwa poyambira. Ndilemba mwadongosolo kuti ndisadzadzinamize.

Ndinayendetsa ndine, G. pambali, ba Elvis mkulu wa omanga akutitsatira ndi kalole ka mchenga ndi anthu awo awiri. Mzimayi wa m'makina anatitsogolera bwinobwino mpaka pachipata cha manda. Titalowa, mamita zana limodzi chabe, pamsewu wafumbi pansi pa mitengo ya bulugamu pamene anthu amayimika magalimoto, anati tafika. Mbendera yofiira pasikirini, kadontho kathu pamwamba pake.

Ndinazimitsa injini. Za tsiku lija ndimakumbuka zochepa, koma ulendo wapansi ndimaukumbuka. Tinayenda mtunda wautali kutsetsereka, mphepo ikutithira fumbi m'maso, azimayi awiri atandigwira m'khwapa. Mitengoyi tinayisiya kutali kumbuyo.

G. anakopera manambala a malowo mufoni yake n'kutsika. Anayenda cha kumadzulo, foni inamubweza. Anayenda cha kumwera, inamubwezanso. Katatu konse inamubweretsa pachitseko cha galimoto yanga. Thukuta linayamba kuoneka pamsana pa shati. Omanga atsika, akuyang'ana pansi. Kenako anawoloka kangalande ka m'mphepete mwa msewu, n'kukaima pa mtumbira woyamba wopanda chizindikiro, masitepe asanu ndi atatu kuchoka pagalimoto.

"Ni apa."

Mtumbirawo ndi wophwa, wotsala pang'ono kufanana ndi nthaka. Pakati pake pamera chitsamba, tsinde lake kukula ngati mkono wanga. Manda oyandikana nawo amene ali ndi miyala alembedwa 2009, 2010. Ndinati, ba Gerald, manda awa ndi akale, chitsamba ichi sichingamere chaka chimodzi. Anati mvula inali yambiri. Chaka cha chilala chino. Ndinati tinayenda mtunda wautali. Apo m'pamene anatembenuka, maso ofiira, n'kunena pamaso pa anthu aganyu: "Makina sanama. Iwe unakomoka, uziba chani? Unabwelako kangati kuno?"

Ndinalowetsa manja m'thumba.

Ba Elvis anandiyang'ana nthawi yaitali. Amadziwa, munthu wogwira ntchito kumanda sangalephere kusiyanitsa. Koma ndani angatsutse bwana pamene mlongo wake weniweni wangoti duu? Anadula chitsamba. Analambula udzu. Anakumba ngalande ya maziko kuzungulira munthu wa eni amene sitimudziwa ndi dzina lomwe. Simenti athira Lachisanu, mwala ayimika Loweruka madzulo Sabata ikatha.

Maluwa G. anawatenga m'galimoto n'kuwayika pamenepo. Anajambula chithunzi, anatumiza pagulu. Chantelle wayankha ndi timitima.

Nditamutsitsa ku ofesi yake ndinaimika galimoto pambali pa Great East Road. Lamulungu anthu zana adzayimba nyimbo, dzina la amayi lili pamwamba pa mafupa a munthu wina, iwo ali kwinakwake kumunsi kopanda ngakhale kamtengo. Ndipo ine ndinaima pomwepo, manja m'thumba.

Lachitatu, 21 Ogasiti

Ndinabwerera ku Kabwata ngati ndikukadandaula za tepi. Ba Mabvuto anaona nkhope yanga, anandipatsa mpando weniweni, osati tayala.

Ndinawafunsa ngati makina angaphonye ndi theka la kilomita. Anati ayi. Mamita khumi, mwina makumi awiri kukakhala mitengo. Ndinafunsa ngati posamutsa kakhadi manambala angasinthe. Anati onani malo ena, ofesi ili pa ofesi, ometa tsitsi ali pa ometa tsitsi. Kenako anakanda m'mutu, anati pali china, kaya ndikufuna kuchiona. Kamakina kakale kankalembanso njira yonse imene kayenda tsiku lililonse. Anasankha 18 Ogasiti.

Mzere wobiriwira. Kuchoka ku Kabulonga m'mawa, kufika kutchalitchi ku Chelstone, kuima, kupita kumanda, kulowa pachipata, kuima pamitengo ija 10:50. Osasunthanso mpaka 12:35. Kamakinako sikanatuluke m'galimoto.

Ndinati ndiye mwina anangokaiwala m'galimoto. Ba Mabvuto anavula magalasi. Anati njira imadzilemba yokha, koma dzina lija AMAI silidzilemba lokha, pafunika chala cha munthu. 11:40.

Pepala la dongosolo la maliro ndimalisunga m'Baibulo. Nditafika kunyumba ndinaliyang'ana ngakhale ndinkadziwa kale. 11:30, kutsitsa thupi. 11:45, kuyika nkhata.

Ndisanachoke ku Kabwata ndinawafunsa ba Mabvuto kuti iwo akuganiza chiyani. "Madamu, ine nimanga chabe mawaya."

Chaka chonse G. wakhala akundikumbutsa kuti ndinakomoka. Pa Khirisimasi ananena patebulo, anthu n'kuseka. Ine ndinagwa pamaso pa anthu. Iye anali m'galimoto, mwina ndi mphepo yozizira yomwe, akusindikiza mabatani.

Lachinayi, 22 Ogasiti

M'mawa ndinapita kumsika. Ba Salifyanji akadali patebulo lomwe lija, kapenta, nyemba, impwa. Tebulo la amayi pambali pake tsopano pali mtsikana wogulitsa makhava a mafoni. Ndinagwada pambali pawo, pamadzi a masamba pomwepo, ndinanena zonse. Zoti sindinapiteko. Zoti tizikwangwani anaba. Zoti takumba maziko pa munthu wa eni.

Sanadabwe. Anapitiriza kuwunjika kapenta m'mbale. Kenako: "Manje munagula makina? Munapita ku Kabwata, munapita ku tauni, ine nili pano? Sabata ninakugwila kwanja, unati vonse vili bwino." Ndinati ndinachita manyazi. Anati manyazi anga akanagoneka amayi pathengo mpaka Yesu kubwera. Makasitomala akumva. Mawuwo anandiyenera.

Iwo amapitako mwezi uliwonse. Nambala sayidziwa, sanayidziwepo. Ati kumanda n'chimodzimodzi kukomboni, munthu umamupeza ndi maneba ake. Tsiku lija kunali maliro atatu mzere umodzi, ndipo iwo anapereka moni kwa anamfedwa a mbali zonse ziwiri, anafunsa mayina. Kumanja kwa amayi kuli bambo wa ku Makeni, Phineas Kunda, abale ake anayika kale mwala. Kumanzere kuli kamwana.

Ndinafunsa za G. Sindinafune, pakamwa panangotuluka. Anasiya mbale.

Ati pamene anayitana ana a malemu kuti ayike nkhata, anayitana katatu. Palibe anatuluka. Chantelle anauza abusa kuti G. wathamangira nane kuchipatala, anthu n'kumvetsa. Nkhata ya ana anayika ndi iwo, ba Salifyanji, chifukwa inangokhala pansi. Pobwerera kumabasi anamuona m'galimoto, magalasi otseka, chipumi chili pachiwongolero. Anagogoda. Sanatsegule, koma mapewa ankagwedezeka. "Nenze nikalibe kuuzako muntu. Si nkhani ya pamsika."

Ndiye anthu ankadziwa kuti ali ndi ine, ine ndinkadziwa kuti ali ndi amayi. Ana awiri, nkhata kuyika mnzawo wa patebulo la tomato.

Ndinayimbira ba Elvis kuti simenti asathire. Anangoti "zikomo madamu," mofulumira, ngati ankadikira. Kenako G. Ndinamuuza kuti ndaona mzere wobiriwira, ndaona nthawi, ndalankhula ndi ba Salifyanji. Kuti mawa 9 koloko tikupita kwa amayi enieni, abwere asabwere. Ndinawonjeza mawu ena amene sindilemba muno. Anapuma kawiri pafoni, n'kudula.

Mkwiyo ulipo. Koma za mapewa zija zikundisokoneza, ndikanakonda akanapanda kundiuza.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Ndinawatenga ba Salifyanji 8 koloko, atavala yunifomu ya Dorika ngakhale si tsiku lake. Sikirini itayaka anayiyang'ana, anati ndiyizimitse, ikuwapweteka maso.

Poyamba anatiimitsa pa manda a Lachiwiri aja. Anauza omanga akwirire maziko, abwezere dothi bwinobwino. Maluwa anati asiyidwe, munthuyo tamusokoneza tulo. Ndiye tinayamba kutsetsereka, iwo patsogolo ndi mwendo wawo wotsimphina, ine, ba Elvis ndi wilibala. Ankayenda akutchula mayina a pamiyala, apa tikhota, apa tidutsa pakati. Mphindi khumi ndi zisanu. Fumbi lomwe lija.

PHINEAS KUNDA, mwala wakuda. Kumanzere kamtumbira kakafupi. Pakati, mtumbira wosesedwa bwino, wopanda udzu ndi umodzi womwe, zizindikiro za tsache zikuoneka. Sindinakomoke. Ndinakhala pansi, ndinalira, iwo osandiletsa.

G. anafika cha m'ma 10. Tinamuonera patali akutsika yekha, jekete pamkono, akusochera pakati pa mizere, mpaka mmodzi wa omanga anamukweza dzanja. Atafika anaima kumapazi a ba Kunda. Sanandiyang'ane. Ndinali nditakonza mawu usiku wonse wa dzulo, oti ndimuchititse manyazi pamaso pa anthu omwewa monga anandichitira. Nkhope yake inali yotupa, ndevu osameta. Mawu aja ndinawasiya.

Ba Elvis anatulutsa chingwe, zikhomo ndi hamala. Anati kachitidwe kawo, chikhomo choyamba cha kumutu amakhoma mwana wa malemu, ndipo Lachiwiri analakwa kudumpha zimenezo. Anapereka hamala kwa G.

Anayilandira. Anayenda mpaka kumutu, anawerama, anayika chikhomo. Chikhomo chinagwa. Anachidzutsa, chinagwanso. Ba Salifyanji anamulanda hamala ija, anayiponya pambali, anagwira dzanja lake n'kulikanikiza padothi, chikhatho chonse. "Yambani mwabauza kuti mwabwela."

Anagwada, thalauza la ku ofesi m'fumbi. Omanga anatembenukira kumbali.

"Amai, ndine Gerald. Ninali mu motoka. Ninayopa."

Ndinatola hamala, ndinamupatsa, n'kugwada pambali pake kumugwirira chikhomo.